Mabuleki akamagwira okha: zomwe ndinaphunzira pa Linthipe

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Lathu linanunkha, ndipo woyamba kulimva anali mayi anga. Tinali titangodutsa pa Nanjiri Loweruka lina m'mawa, ine pa chiwongolero, bambo pambali panga, mayi ndi mayi aang'ono kumbuyo atapanikizana ndi madengu. Mayi anakweza mphuno nati, "Kodi chikupsa n'chiyani?" Bambo anayankha osatembenuka n'komwe kuti ndi anthu akuwotcha zinyalala. Zinyalalazo tinazisiya m'mbuyo, koma fungo linapitirira nafe.

Nkhani ya lero ndi ya galimoto, ndipo ndikudziwa kuti ena chala chayamba kale kuyabwa kuti mudumphire pa nkhani ina. Dikirani kaye. Ambiri a ife galimoto yoyamba kuyendetsa imakhala ya makolo, ya achimwene kapena ya ku ntchito. Ena mwasunga ndalama zaka zingapo mpaka mwaitanitsa ka Vitz kapena Sienta ku Japan, kadzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Tonsefe timaopa chinthu chimodzi: mabuleki kukana kugwira. Zoti mabuleki angathenso kukana kusiya, ine ndinali ndisanaganizepo. Ndipo zoti vuto lonselo lingachokere pa kampata kochepa kuposa kuchindikala kwa khadi la ATM, ndikanakutsutsani.

Galimoto yake ndi Corolla yakale ya otomatiki yomwe bambo anagula ndi ndalama za penshoni atapuma pa uphunzitsi. Maso awo akuvuta masiku ano, choncho maulendo ataliatali ndimayendetsa ndine. Tsiku limenelo tinkapita ku Golomoti ku chinkhoswe cha msuweni wanga, mwana wa mlongo wawo wa bambo. Bambo ndiwo malume, ndiwonso nkhoswe, ndipo popanda iwo mwambo sukanayamba. Njira yathu inali M1 mpaka kudutsa Dedza, kenako kukhotera kumanzere pa Masasa n'kutsika Khwekhwerere. Amene munadutsako mukudziwa: makona okhaokha, mtsetse wautali, phompho pambali.

Sipeya "yomweyo"

Lachiwiri la sabata imeneyo galimoto inali ku galaja. Pedulo ya buleki inkatsika pang'onopang'ono ukaima pa maloboti phazi lili pomwepo, ndipo makaniko wathu anati master cylinder yatha. Ananena zoona. Yatsopano mtengo wake unali woboola m'thumba. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, masipeya sakugwirika. Choncho tinagula yakale yochotsa pa galimoto ina, wogulitsa atalumbira kuti, "Ndi yomweyo iyi, imalowa bhobho."

Inalowadi. Mabowo a mabawuti anagwirizana, mapaipi anafika, anabulida, pedulo inalimba. Bambo anaiyesa pabwalo la galaja n'kumwetulira. "Wamva mmene ikugwirira? Kungokhudza basi."

Kungokhudza basi kumeneko chinali chizindikiro choyamba, koma palibe anachiwerenga. Kuyambira Lachitatu mpaka Lachisanu ndinkangoyenda timaulendo ta m'tauni. Madzulo ndinkamva ngati galimoto ikulemera, ndipo ndikachotsa phazi pa buleki siinkanyamuka yokha pang'onopang'ono monga otomatiki imachitira. Singano ya petulo nayo inkatsika mothamanga. Ndinangoti ndi nkhawa chabe za munthu wothira mafuta mowerengera malita.

"Chotsa phazi pa buleki"

Pofika pa Nathenje injini inali ikulira ngati tikukwera phiri, pomwe msewu unali see. Ndinaima. Nditatuluka, kutentha kochokera ku matayala kunkamveka m'miyendo ndisanayandikire n'komwe. Bambo anazungulira galimoto kamodzi, manja kumbuyo, monga ankachitira poyendera kalasi pa mayeso.

"Iwe, ukuyendetsa phazi lili pa buleki."

"Ayi bambo. Lamanzereli lili pansi, sindikuligwiritsa ntchito."

"Galimoto iyi ndakhala nayo zaka zingati? Siinachitepo zimenezi."

Ndinakhala chete. Kwathu ukayankha kachiwiri ndiye kuti wayamba mwano. Tinakhala pamenepo mphindi ngati 30, mayi aang'ono akunenerera tomato, ndipo nditaliza galimoto inanyamuka mopepuka ngati palibe chachitika. Kwa bambo umenewo unali umboni wokwanira. "Waona? Ukasamala imayenda."

Pa Kamphata zinayambiranso. Mnyamata wina wa ovolosi anatulukira ndi sipanala m'thumba lakumbuyo, ananunkhiza tayala lakutsogolo nati, "Sisi, ma caliper awa akubayinda." Anachotsa matayala awiri akutsogolo, anatsuka timapini, anapaka girisi. Ntchitoyo inatenga pafupifupi ola, moti pomwe ankamaliza zonse zinali zitazizira. Galimoto inayendanso bwino. Tinamulipira ndi kumuthokoza kwambiri. Apa n'kuti foni ya bambo italira kale kanayi. "Amalume, muli pati? Akuchimuna afika kalekale."

Sitinapite patali. Pa Linthipe galimoto inachita kukaniratu. Ine kuponda mafuta, iyo kukwawa ngati njinga yosenza matumba anayi a makala. Nditaikokera pambali, ku tayala lakutsogolo kunkatuluka utsi. M'galimoto munali zii. Ndinkamva maso a anthu atatu ali pa phazi langa.

Manati awiri

Mayi anali atatsegula kale chigubu cha madzi pomwe mawu anamveka kuchokera pa kashedi ka m'mbali mwa msewu: "Amayi, musathire!" Anali bambo wachikulire wa imvi, yemwe ankakonza injini ya chigayo. Anabwera akupukuta manja, n'kufotokoza kuti madzi ozizira pa disiki yotentha chotero amaipinda, mwinanso kuing'alula.

Kenako anachita chomwe palibe anali atachita tsiku lonselo. Anandifunsa ine.

"Mwana wanga, ukuyendetsa ndiwe? Tandiuza. Ikazizira imayenda?"

"Eya, imayenda bwinobwino. Ikangotentha ndiye imayamba."

"Mwasinthitsa chiyani posachedwa?"

"Master cylinder. Lachiwiri."

Anagwedeza mutu ngati munthu yemwe wamva dzina la mudzi wakwawo. Anazungulira galimoto akuyandikitsa kuseri kwa dzanja pa tayala lililonse, osakhudza. Onse anayi anali otentha, akutsogolo moposa. "Achikulire," anatero kwa bambo, "caliper imodzi ikhoza kuuma. Ziwiri, mwina. Koma matayala anayi sangapangane kudwala tsiku limodzi. Tiyang'ane pachitsime pomwe onse amamwera."

Anaika miyala ku matayala akumbuyo, anakweza lakutsogolo ndi jeke, n'kundiuza kuti ndilizunguze. Ndinaligwira ndi manja awiri, ndi sanza poopa kupsa. Silinasunthe. Anatsegula boneti n'kundionetsa chinthu chakuda chozungulira ngati poto, chomamatira ku khoma la kumbali ya dalaivala. Imeneyo ndiyo booster. Kutsogolo kwake kunali master cylinder yathu ija ndi kathanki kake ka mafuta pamwamba, yomangidwa ndi manati awiri okha. Anamasula manatiwo pang'ono, osawachotsa, n'kuikokera kutsogolo mwina mamilimita awiri.

"Tapita ukazunguzenso."

Tayala linazungulira ndi dzanja limodzi.

Bambo anavula magalasi, anawapukuta ndi mpango nthawi yaitali, n'kuwavalanso. Sananene kanthu.

Chimachitika n'chiyani mkatimo?

Zomwe mdalayo anafotokoza akulozaloza ndi zala za oyilo ndinakaziwerenganso pa foni usiku womwewo mpaka bandulo kutha. Ndizinena mmene ndinazimvera.

Mukaponda buleki, pedulo imakankha kachitsulo kolowa mu booster. Mkati mwa booster muli mphira waukulu wogawa potoyo zipinda ziwiri. Injini ya petulo ikamalira imayamwa mpweya m'zipinda zonse ziwiri kudzera pa paipi yakuda. Ya dizilo imakhala ndi kapampu kochita ntchito yomweyo. Mukaponda, kavalavu kamalowetsa mpweya wa panja m'chipinda chakumbuyo chokha, ndipo mpweyawo umakankhira mphira uja kutsogolo. Musauderere mpweya. Pa booster ya masentimita 20 m'mimba mwake umawonjezera mphamvu yoposa makilogalamu 150, ngati matumba atatu a chimanga akukuthandizani kuponda. N'chifukwa chake injini ikazima, mukaponda kawiri katatu pedulo imauma gwa. Nzeruyi ndi yakale ndithu: injiniya wa ku Belgium, Albert Dewandre, anaitulukira m'zaka za m'ma 1920.

Kutsogolo kwa booster kumatuluka kachitsulo kena, komwe amakaniko amati pushrod. Nsonga yake imalowa m'kadzenje ka kumbuyo kwa piston ya master cylinder. Piston ikakankhidwa imafinya mafuta a mabuleki, mafutawo n'kuyenda m'mapaipi kukapanikiza mapadi pa madisiki kutsogolo ndi ma shoe m'ma drum kumbuyo.

Pomwe pagona nkhani ndi apa. Pakati pa kathanki ndi silinda pali kabowo kakang'ono ngati koboola ndi singano. Mukachotsa phazi, sipuling'i imabweza piston kumbuyo mpaka mphira wake utadutsa kabowoko, ndipo mafuta amapeza njira yobwerera m'kathanki. Pa magalimoto ena, makamaka a ABS, ntchito imeneyi imagwiridwa ndi kavalavu ka pakati pa piston, koma mfundo yake ndi imodzi: piston iyenera kubwerera mpaka kumapeto kuti njira itseguke.

Pushrod ikatalika, piston imatsalira panjira ndipo kabowo kamakhala kotsekeka. M'mawa zonse zikadali zozizira simuona kanthu. Koma mukaponda buleki kangapo, kuphatikizapo kutentha kwa injini, mafuta amafunda, ndipo akafunda amafutukuka. Posowa kothawira, amakankha mapadi. Mapadi akamakhula disiki amatentha, kutenthako kumafutukulanso mafuta, mafuta n'kukankhanso mapadi mwamphamvu. Zimangodyetsana choncho mpaka galimoto itaima yokha. Mukaisiya kanthawi mafuta amazizira n'kubwerera m'malo mwake. Ndiye chifukwa chake pa Nathenje kupuma kunaoneka ngati mankhwala, ndipo pa Kamphata girisi analandira ulemu womwe sunali wake.

Nanga pushrod inatalika bwanji poti palibe anaigwira? Siinatalike. Kadzenje ka piston ya sipeya yomwe tinagula sikanali kozama mofanana ndi ka yakale ija. Kunja zinkafanana ngati mapasa. Kusiyana kunali mkati, komwe wogulitsa sasuzumirako.

Vernier ndi choko

Anthu anali atayamba kusonkhana, monga mukudziwa kuti boneti ikatsegulidwa pa msika aliyense amasanduka injiniya. Wina anati tingoika mawashala pakati pa booster ndi master cylinder tizipita. Mdala anamuyang'ana pamwamba pa mapewa. "Mawashala ndi oyesera, achimwene. Oyendera ayi. Makamaka anthu akukatsika Khwekhwerere."

Anandiuza kuti ndiponde pedulo kangapo injini ili yozima mpaka iume, kuti booster ikhale yopanda mphamvu yotsalira. Kenako anachotseratu master cylinder, poti mafuta omwe anali atapsa aja ankafunika kusintha ndithu. Anatulutsa vernier yakale yokulungidwa m'nsanza, yomwe ankaigwira ngati dzira, n'kuyeza zinthu ziwiri. Choyamba, kuya kwa kadzenje ka piston kuyambira pa nkhope yomwe master cylinder imakhalira pa booster. Chachiwiri, kutalika komwe pushrod yatulukira kuyambira pa nkhope yomweyo kumbali ya booster. Nambala yoyamba iyenera kufanana ndi yachiwiri kapena kuiposa pang'ono zedi. Kwa ife yachiwiri ndiyo inali yaikulu, ndi milimita imodzi ndi kanyenyeswa.

Milimita imodzi, abale. Maola anayi a pamsewu, ndalama ya girisi, utsi, ndi ulemu wanga monga dalaivala.

Mabuku a magalimoto amasiyana pa muyeso weniweni. Ambiri a Toyota amafuna kuti nsonga ya pushrod ingokhudza piston popanda kuikankha, pomwe ena amalola mpata wofika theka la milimita. Kuti muone kuchepa kwake, khadi la ATM ndi lochindikala mamilimita 0.76. Mpata ukachulukanso ndi vuto lina: pedulo imayamba yatsika kaye isanagwire, ndipo nthawi zina mumamva kugogoda mukaponda. Choncho yankho si kungofupikitsa mwachisawawa. Funsani muyeso wa galimoto yanuyo.

Nsonga ya pushrod yathu inali ya mazinga, yotheka kuilowetsa kapena kuitulutsa. Mdala anagwira thupi lake ndi pulayala, anapotoza nsonga, anayeza, anapotozanso, anayezanso. Sizitheka pa galimoto iliyonse. Ma booster ena pushrod yake ndi yosasinthika, ndipo zikatero palibe kuchitira mwina koma kupeza sipeya yolondola.

Atamaliza anati, "Pakanakhala choko tikanatsimikiza." Bambo, omwe anali asanayankhule chiyambire, anatsegula kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wawo, anafufuza pansi pa mapepala a inshuwalansi, n'kutulutsa kachidutswa ka choko kotsalira masiku a uphunzitsi. Mdala anapaka pa nsonga ya pushrod, anakhazika master cylinder ndi dzanja mpaka inakhala bwino pa booster popanda kukankhana, n'kuichotsanso. M'kadzenje munali kadontho koyera kosaoneka bwino. Kukhudza, osakankha. Bambo anawerama kuyang'ana kadonthoko ngati akuchonga pepala la mwana yemwe wakhoza.

Si nthawi zonse pomwe wolakwa ndi pushrod

Ndisakupusitseni kuti mabuleki akagwira okha muzithamangira pamenepo. Chomwe ndinatolapo pa mdala uja ndi kafufuzidwe kake: yambani mwapeza komwe vuto lili musanagule kanthu. Izi ndi zomwe mungatsate limodzi ndi makaniko wanu, makamaka galimoto ikadali yotentha ndipo vuto likuoneka.

1. Tayala limodzi lokha ndilo latentha. Kawirikawiri ndi caliper youma ndi dzimbiri, kapena paipi ya mphira yofika ku tayalalo yomwe yawola mkati, moti imalola mafuta kupita koma osabwerera. Makaniko akamasula kanipo kobulidira, mafuta n'kutumphuka, tayala n'kumasuka, ndiye kuti mafuta ndiwo anatsekeredwa, ayang'ane paipi. Likakhalabe louma, vuto ndi caliper.

2. Akumbuyo awiri okha. Yambani ndi handibuleki ndi waya wake.

3. Onse anayi, ndipo akumasuka mukamasula manati awiri aja. China chake chikukankha piston kuchokera kumbuyo. Musanagwire pushrod, yang'anani ku pedulo. Kapeti ikhoza kuipanikiza. Switchi ya magetsi a buleki ikhoza kukhala yolowetsedwa kwambiri, n'kumaletsa pedulo kubwerera pamwamba. Kachitsulo kochokera ku pedulo kupita ku booster nakonso kamasinthika, ndipo wina akhoza kukatalikitsa. Zimitsani injini, pondani mpaka pedulo iume, kenako idinizeni ndi chala: iyenera kuyenda kaye pang'ono isanalimbe, pa ma Corolla ambiri pakati pa milimita 1 ndi 6. Ngati mabuleki amagwira injini ikangolira, n'kumasuka mukazula paipi ya mpweya pa booster, akayikireni booster yeniyeniyo.

4. Onse anayi, koma manati sakuthandiza. Ngati akumasuka makaniko akamasula paipi ya chitsulo pa master cylinder, vuto lili mkati mwake: litsiro latseka kabowo, kapena mphira watupa. Mphira amatupa wina akathira oyilo wa injini kapena mafuta a giya m'kathanki ka mabuleki. Zikatero mphira yense wa mabuleki amafunika kusintha. Onaninso kuti kathanki sikanadzazidwe kupitirira mzere wa MAX.

Zonsezi zichitike pamalo a see, matayala atatchingidwa ndi miyala, ndipo galimoto isasunthe manati aja asanamangidwenso. Mafuta a mabuleki akadonthera pa penti amaidya, choncho tsukani msanga ndi madzi.

Bwanji osangopirira mpaka kufika?

Funso limeneli linali m'mutu mwa tonse, foni ikulira kachisanu ndi chiwiri. Kuima mphindi 30, kuyenda pang'ono, kuimanso, bola kufika.

Yankho lili pa botolo la mafuta a mabuleki. A DOT 3 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, a DOT 4 madigiri 230. Koma mafutawa amayamwa chinyezi cha mu mpweya, ndipo akakalamba muyeso umatsika kufika pa 140 kwa DOT 3 ndi 155 kwa DOT 4. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse. Mafuta akawira amapanga nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika ngati siponji. Mukaponda, pedulo imangopita pansi, galimoto osamva.

Ndiye kuti mabuleki ogwira okha ndi mabuleki osagwira ndi apachibale. Woyambayo amaitana wachiwiriyo. Ife tikanafika pa Masasa mafuta ali otentha kale, mapadi atapsa, kenako n'kuyamba mtsetse womwe umafuna buleki pa kona iliyonse. Ndikaganiza za mayi ndi chigubu chawo cha madzi kumpando wakumbuyo, mpaka lero m'mimba mumandizizira. Zina zonse, monga petulo wongopsa chabe, girisi wa mabering'i wosungunuka ndi madisiki opindika, ndi za ndalama. Ichi chokha ndiye cha maliro.

Foni italiranso, bambo anayankha mofatsa. "Auzeni akuchimuna apatsidwe thobwa. Tambala ndi thadzi adikire. Ndikufuna ndifike ndi mapazi anga."

Kutsika Khwekhwerere

Mapadi akutsogolo anali atapsa mpaka kunyezimira ngati galasi. Tinatuma mnyamata wa njinga yamoto ku Dedza boma kukagula ena ndi mabotolo awiri a DOT 3 osatsegula. Mdala anamanga zonse, tinabulida matayala onse anayi, ine ndikuponda iye akufuula "gwira" ndi "siya". Kenako anakwera nane tinayenda mphindi ngati 15 ndikuponda buleki pafupipafupi. Titabwerera anandiimitsa pamalo a see, giya pa N, n'kuikankha galimoto ndi dzanja limodzi. Inayenda. Anayandikitsanso dzanja pa matayala onse. Anali ofunda chabe.

Ndalama yomwe anatchula inali yochepa kuposa ya girisi ya pa Kamphata. Bambo anawonjezera, mayi anamupatsa botolo la thobwa lomwe linali la ku chinkhoswe.

Pa Masasa ndinakhotera kumanzere manja akutuluka thukuta. Bambo anati, "Ika pa 2, uzitsika ndi giya, buleki uzingothandizira." Ndinachita zomwezo. Tinatsika kona ndi kona, chigwa chikutseguka kutsogolo kwathu, mayi aang'ono akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Titafika pansi, bambo anayang'ana kunja kwa windo, osati kwa ine, nati, "Ukuyendetsa bwino." Amene munaleredwa ndi bambo a mtundu umenewu mukudziwa kuti pamenepo ndiye kupepesa konse.

Mwambo womwe unayenera kuyamba 10 koloko m'mawa unayamba dzuwa litapendeka. Akuchimuna ananyinyirika, azakhali anandikoka khutu, koma nkhoswe inafika.

Lolemba ndinapita kwa makaniko wathu kukamufotokozera. Sanakane. "Sisi, inalowa bwinobwino, ndiye ndinangomanga." Sindinamukalipire, chifukwa nafenso tinali ndi mbali yathu: tinasankha sipeya poyang'ana mtengo wokha, ndipo tinkamuimbira ola lililonse kuti afulumire poti tili ndi ulendo. Timapitabe kwa iye yemweyo.

Chomwe chasintha ndi mafunso anga. Wina akasintha master cylinder kapena booster pa galimoto yomwe mumayendetsa, mufunseni musanalipire: "Mwayeza pushrod?" Akakuyang'anani modabwa, mwadziwa kale yankho. Yerekezani sipeya yakale ndi yatsopano zili pambalipambali, kumbuyo kwake komwe. Ndipo musayese mabuleki pabwalo la galaja pokha. Yendani mphindi 15 kapena 20 kuti atenthe, imani pamalo a see, muone ngati galimoto ikusuntha momasuka ndiponso ngati palibe tayala lomwe likutentha modabwitsa. Chitani zimenezi masiku angapo ulendo wautali usanafike, osati m'mawa wa chinkhoswe.

Ndipo wakumbuyo akanena kuti chikupsa, imani. Mayi anga sadziwa kuti booster ili mbali iti ya galimoto, koma anali oyamba kunena zoona tsiku limenelo.

Kachoko kaja ndinakabwezera m'kabokosi, pansi pa mapepala a inshuwalansi. Tikumanenso sabata yamawa.